Mng'alu m'Phazi la Otilia

Ku Bangula kunalibe munthu wosamudziwa Otilia, mwana wa a Sebastiano. Ana ankamutchula kuti Nswala. Chiyambire ali kamtsikana kovala deresi long'ambika m'khwapa, ankathamanga pa mchenga wa m'mbali mwa Shire wosavala kanthu kuphazi, anyamata n'kumangotsala akupuma ngati agalu a m'dzuwa. Sukulu anailekezera Sitandade 8, poti dzina lake silinatuluke pa osankhidwa kupita ku sekondale. Koma miyendo yake aphunzitsi a Lazaro sanaiiwale.

"Mpikisano wa boma lonse uli ku Nsanje kumapeto a Juni," anamuuza motero atakumana naye pachigayo. "Wopambana akwera sitima kukathamanga ku Blantyre pa zikondwerero za pa 6 Julaye. Atsikana othamanga bwino kumeneko ena amalembedwa ntchito, Otilia. Ntchito ya yunifolomu, ya malipiro."

Mtima wa Otilia unagunda ngati mtondo wa anthu awiri. Mtsikana wa ntchito yake sakwatiwitsidwa ngati mbuzi. Mtsikana wa ntchito yake amaloza yekha mwamuna, ndipo iye chala chake chinali chitaloza kale kwa Paison, mnyamata wa Chimang'anja wa ku Makhanga wogulitsa nsomba, wa maso oseka ngakhale pakamwa patatseka.

"Koma tamvera," anapitiriza aphunzitsiwo. "Kumeneko si kumchenga kwanu kuno. Bwalo lake ndi la makala osinja, phazi losavala limabwerako lili nyama yokhayokha. Upeze nsapato, ndipo uzolowere kuthamanga pouma."

* * *

Nkhani ku Bangula imayenda kuposa sitima. Sabata isanathe, azakhali ake a Magdalena, mlongo wa bambo ake, anatulukira pakhomo atanyamula katoni m'khwapa.

"Wacherwa, mwananga?" anamulonjera m'Chisena.

"Ndacherwa, Tiya," anayankha Otilia, poti azakhali akewo ankawaitana choncho.

Anakhala pamphasa, natsegula katoniyo pang'onopang'ono ngati muli mazira. Munali nsapato zothamangira zoyera mbee, zapansi pochindikala, pofewa ngati buledi wa ku Limbe. Dzanja la Otilia linayamba lokha ulendo, koma analibweza.

"Zachokera kwa yani?"

"Ukufunsa ngati sukudziwa. Ndani winanso kuno angafike ku Limbe n'kubwerako tsiku lomwelo? Hilario, mwana wa mwini sitolo."

Otilia anadziwa zimene zinali m'katonimo kuposa nsapato. Kwa Asena, chinthu chochokera kwa mnyamata chikadzera m'manja mwa azakhali sichikhala mphatso wamba. Chimenecho ndi luphato. Mtsikana akachivala anthu n'kuona, ndiye kuti wavomera, chotsala ndi akuluakulu kukhala pansi kukamba za malowolo.

"Nkhabe, Tiya," anakana Otilia.

"Nkhabe chiyani? Ungoyesa phazi limodzi."

"Phazi limodzi lomwelo ndi limene limalowetsa munthu m'nyumba ya eni."

"Tamuonani! Ndiye Mmang'anja wako uja adzakuveka chiyani, mamba a nsomba? Anthu osadziwa kulowola aja, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake kukakhala kuchikamwini ngati tambala wobwereka? Mlongo wanga wakulera kuti adzaone dengu la mlamba?"

"Mlamba mumaudya bwino mukabwera kuno."

"Pakamwa! Ndi pakamwa pomwepa padzakukalambitse pakhomo pa bambo ako." A Magdalena anatseka katoni, koma sanaoneke ngati munthu wogonja. "Nsapato siziola, mwananga. Ndizisunga."

* * *

Lachiwiri, tsiku la msika, Otilia anadutsa pachipata ataonetsa khadi lake la chipani kwa anyamata a yufi, nalunjika kuseri kwa mabenchi a nsomba. Paison anali pomwepo, koma tsiku limenelo maso ake sanali kuseka.

"Ndamva kuti kwanu kwagwa nsapato za Azungu," anatero osamuyang'ana, akutembenuza nsomba za makakana pa chisaka.

"Wamvanso kuti ndazivala?"

"Sindinamve."

"Ndiye chikukutupitsa n'chiyani ngati chule?"

Paison anaseka pang'ono mosafuna. Kenaka anapisa dzanja pansi pa dengu natulutsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Zinali nsapato zatenesi zakuda, zotuwa m'mbali, zimene achimwene ake anabwera nazo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Pansi pake panali patatha, patauma gwa ngati mlamba wa chaka chatha.

"Usaseke."

"Sindikuseka." Otilia analowetsa phazi. Linasambira m'menemo ngati bwato la mwana pa Shire. Apo ndiye anaphulika kuseka mpaka amayi ogulitsa mchere anatembenuka.

"Dikira, iwe!" Paison anatulutsa thonje m'thumba la kabudula, la m'munda mwa amayi ake, lochotsa kale njere. Anagwada pafumbi, nayamba kulikanikiza kutsogolo kwa nsapato, kenaka kuchidendene, akulisalaza ndi chala mofatsa ngati akukonza chisa cha mbalame. Otilia anayang'ana pamutu pake, pamene dzuwa linafiiritsa tsitsi, ndipo anamva kuti ngakhale dziko lonse litamupatsa nsapato zagolide, iye akanasankha dzanja limenelo.

"Izi si luphato ayi," anatero Paison akumanga zingwe. "Ngakhale chikole cha kwathu si chotere. Ndi nsapato basi."

"Ndikavala ndavala. Dzina lake udzalipeza wekha."

Mnyamatayo anadzuka, nasasa fumbi m'maondo. "Amalume atumanso mawu kuchokera ku Luchenza. Akuti malo alipo ku esiteti ya tiyi, ndingokwera sitima yomwe ndimakwera popita kwathuyi, koma osatsika pa Makhanga."

"Ndiye wati chiyani?"

"Ndati ndili ndi nswala yoti ndiiwete kuno."

"Nswala saweta."

"Ndiye ndizingothamanga pambuyo pake. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."

* * *

Otilia sanali munthu wodikira. Aphunzitsi anati azolowere pouma, iye anamva kuti asamukire pouma. Mchenga anausiya tsiku lomwelo. M'mawa dzuwa lisanapse ankathamanga msewu wa miyala wotsata njanji kulowera ku Chiromo, madzulo n'kubwerezanso, nsapato za Paison zikulira phapha, phapha, ngati munthu akupuntha mapira. Thonje linkaphwatalala ndi thukuta, iye n'kuwonjezera lina. M'mutu mwake ankaona bwalo la ku Blantyre litadzaza, wailesi ikutchula dzina lake, Paison atakhala pa benchi la nsomba akuuza msika wonse kuti, "Ameneyo ndi wanga."

Ululu unayamba ngati nthabwala. Kamoto kakang'ono pamwamba pa phazi lamanzere, kumbuyo kwa chala chachiwiri. Akapuma kankazima. Kenaka kanayamba kumulonjera asanafike n'komwe pa mtengo wa mlambe wa m'mbali mwa msewuwo. Kenaka kanaleka kuzima.

Tsiku lina akutsimphina pobwerera, anamva njinga yamoto kumbuyo. Hilario anaima pambali pake, shati yoyera, tsitsi lowala mafuta.

"Nswala yatani lero, yaponda msampha?"

"Ndaponda minga, achimwene. Pitani, fumbi lanu likunditsokomoletsa."

Hilario anayang'ana nsapato zakudazo, nagwedeza mutu. "Ngakhale wakufa sangaikidwe nazo zimenezo. Zako zikukudikira kwa Tiya, Otilia. Ine sindithamanga, koma ndimafika."

"Mukafika mudzapeze nditapita."

Anadikira njingayo izimiririke, kenaka anakhala pa mwala, misozi ili lendelende. Kuvula nsapatozo kunali ngati kunena kuti Hilario wanena zoona. Anamanganso zingwe mothinitsa, nadzuka.

Lachiwiri lotsatira Paison anamuona akuyenda cham'mbali ngati nkhanu.

"Phazi latani?"

"Minga."

"Minga yomwe akuti watsimphina nayo sabata yathunthu? Tandionetsa."

"Wasanduka dokotala liti? Gulitsa nsomba zako."

"Otilia, ngati ndi nsapato zija, undiuze."

"Nsapato zako zili bwino kuposa za mfumu," anayankha msangamsanga. Paison anamwetulira ngati mwana wopatsidwa nzimbe, ndipo kumwetulira kumeneko kunamutseka Otilia pakamwa.

* * *

Chinaulula ndi ndowa. Lachiwiri linalo m'mawa akuchokera kumjigo, phazi linakana kulandira katundu, madzi onse khuthu, iye pansi. A Magdalena, amene masiku amenewo sankachoka pakhomo pa mlongo wawo, anathamangira, namuvula nsapato. Pamwamba pa phazi panali patatupa ngati mkate wa pachiwaya.

"Mayi wanga ine! Mwana akufa ndi nsapato za maliro!"

Anabwereka ngolo ya ng'ombe ya anansi, namutengera ku chipatala cha mishoni. Kumeneko anapeza Sisitala Josephine, namwino wamtali wochokera ku Ntcheu, amene anali asanathe chaka ku chigwa kuno ndipo ankangodzipepeza ndi kabuku chifukwa cha kutentha. Anagwira phazilo, nayenda ndi chala pang'onopang'ono pamwamba pake. Atafika kumbuyo kwa chala chachiwiri anakanikiza.

"Mayo!"

"Pomwepo eti? Unagwa? Chinakugwera chinthu?"

"Ayi, Sisitala. Ndimangothamanga."

"Kuti? Utavala chiyani?"

A Magdalena anatukula nsapato ya Paison ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Thonje lakuda ndi thukuta linagwa pansi. Namwino anaipinda, naigogoda pa tebulo, nayang'ana Otilia.

"Kale unkathamanga kuti?"

"Pamchenga. Wosavala."

"Ndiye tsiku limodzi wachoka pamchenga kupita pamiyala, m'mawa ndi madzulo, m'chinthu ichi? Tamvera, mwana wanga. M'phazi muno muli timafupa tating'ono ngati timapesi. Pamchenga nthaka inkakulandira. Pamiyala palibe chokulandira, ndipo nsapato iyi pansi inatha kalekale, ili ngati thabwa. N'njaikulunso, phazi limaterereka m'kati n'kumamenya malo amodzimodzi. Fupa silinathyoke ayi, koma lachita mng'alu, ngati mtsuko umene ukadali kusunga madzi koma ukudontha."

"Ndiye mundipatse mankhwala. Mpikisano uli pafupi."

"Mankhwala ake ndi kukhala pansi. Mwezi uno ndi wamawa, osathamanga."

"Sisitala, simukumvetsa. Ndikapanda kupita ku Nsanje..."

"Iwe ndi amene sukumvetsa. Fupa limazolowera pouma, koma pang'onopang'ono, lero pang'ono, mkuja pang'ono, m'nsapato yokukwana. Iwe unafuna kudya gaga chifukwa chofulumira. Ukathamanga pa mng'alu umenewu, mtsuko usweka. Ukasweka, mwina chaka chamawa udzathamanga, mwina ayi."

Otilia analuma mlomo. Sanalire. M'mutu mwake anali atayamba kale kuwerengera zina: akapuma mpaka tsiku la mpikisano, n'kuthamanga kamodzi kokha, kamodzi basi, ndani angamuletse?

Namwino anakulunga phazilo ndi bandeji, namumwetsa mapilitsi ochepetsa ululu. "Asapondenso pansi wosavala, mayi. Ndipo izi zakudazi mukataye. Alibe zina zomukwana?"

Nkhope ya a Magdalena inawala ngati mwezi. "Zilipo, Sisitala. Mwamwayi ndinanyamula." Anamasula nsalu imene anamanga m'chiuno, ndipo nsapato zoyera zija zinatuluka.

"Tiya, nkhabe! Zimenezo ayi!"

"Iwe mtsikana, nsapato zabwino chonchi ukukana?" anatero namwino. Kwawo ku Ntcheu nsapato ndi nsapato. "Ana a masiku ano! Bweretsa phazi."

"Sisitala, izi zili ndi nkhani yake."

"Nkhani mukakambe kwanu. Kuno ndi kwanga." Anamuveka yekha, phazi lodwala ndi labwino lomwe, namanga zingwe mfundo ziwiri. A Magdalena anangothokoza m'Chisena, "Takhuta, Sisitala," maso ali pansi ngati munthu wopemphera.

* * *

Pa ngolo Otilia anali ndi nzeru yake. Akafika pa mtengo wa mango wa pamphambano, msika usanaoneke, avula. Palibe munthu wa ku Bangula adzamuone nazo.

Koma nsapatozo zinali ndi chinyengo chake. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ululu uja, phazi linagona bwino, logwiridwa mbali zonse ngati mwana kumsana. Zinamuchititsa manyazi kuti zikukoma. Dzuwa linali paliwombo, ng'ombe zikuyenda mwaulesi, mapilitsi a namwino akumulemeretsa zikope. Anati angotsinzina pang'ono chabe.

Chinamudzutsa ndi nthungululu.

Ngolo inali itaima pakati penipeni pa msika, pamene sinafunike kudutsa n'komwe. A Magdalena anali ataimirira pamwamba pake, dzanja pakamwa, akululutira, dzanja linalo likuloza mapazi a Otilia amene anali lende kumbuyo kwa ngolo, oyera mbee padzuwa.

"Wavala! Bwerani muone, mwana wa mlongo wanga wavala! Za Mmang'anja zamuswa fupa, dokotala wanena yekha! Za mwana wa sitolo ndi zimene zamuchiza!"

Amayi a mchere, a tomato, a mapira, onse anasiya malonda. Nthungululu zinayankhana mpaka kusitolo, kumene Hilario anatulukira pakhonde akukonza kolala.

Otilia sanawaone onsewo. Anaona munthu mmodzi. Paison anali ataima kuseri kwa benchi lake, madengu opanda kanthu paphewa, poti nthawi ya sitima inali itakwana. Anayang'ana nsapato zoyerazo. Anayang'ana bandeji yotulukira pamwamba pake. Kenaka anamuyang'ana m'maso, ndipo Otilia anaona kuti mawu onse awiri amulasa: kuti wavala za wina, ndi kuti zake ndi zimene zamupweteka, iye n'kumunamiza kuti ndi minga.

"Paison!"

Mnyamatayo anatembenuka, nalowera kusiteshoni. Sitima inali italira kale.

Otilia anagwira zingwe. Mfundo za namwino zinakana. Anakoka ndi zikhadabo, anawerama n'kuluma ndi mano, mpaka imodzi inamasuka, kenaka inzake. Anavula nsapato zonse, naziponya pafumbi pamaso pa azakhali ake.

"Sindinavale! Andiveka! Mwamva nonsenu? Andiveka!"

"Iwe mwana, wapenga? Khala pansi, phazi!"

Anali atatsika kale. Mawu a namwino anamubwerera bwinobwino, mtsuko, mng'alu, chaka chamawa. Anawamva onse. Anamvanso sitima ikukoka mpweya, ndipo anadziwa kuti sitima imeneyo ikawoloka Shire imaima pa Makhanga, koma munthu wosafuna kutsika imapita naye mpaka ku Luchenza.

Nswala inathamanga.

Anthu a ku Bangula amanenabe mpaka lero kuti sanaonepo liwiro lotero. Bandeji inamasuka n'kumauluka kumbuyo ngati mchira. Anadutsa mabenchi a nsomba, anadumpha dengu la bwemba, anyamata a yufi pachipata anangopatuka okha. Phazi linkayaka moto, iye n'kumaliuza kuti, dikira, tikambirana bwino. Mabogi anali atayamba kuyenda. Anaona mutu wa Paison pawindo la bogi lomaliza.

"Paison! Utsike pa Makhanga! Wamva? Utsike!"

Mnyamatayo anatulutsa mutu ndi mapewa, maso ali tong'o, pakamwa pakunena chinachake. Koma sitima inaliranso, mawu ake n'kumezedwa.

Pomwepo m'phazi munalira thwa, ngati phesi louma. Dziko linapendekeka, ndipo Otilia anagwa pa miyala ya m'mbali mwa njanji.

Manja amene anamudzutsa ankanunkhira petulo ndi mafuta a m'tsitsi. Hilario anamunyamula m'mwamba pamaso pa msika wonse umene unamutsatira. Kutsogolo kwa gululo kunali a Sebastiano, bambo ake, atagwira nsapato zoyera zija, imodzi dzanja ili, ina dzanja ilo, akuzipukuta fumbi pa malaya awo.

"Kuvala kapena kuvekedwa, anthu aona," anatero bambowo mosakweza mawu. "A kwa Hilario abwera Loweruka."

Otilia sanawayang'ane. Maso ake anali pa utsi wa sitima umene unkapita ku mlatho wa Chiromo, osadziwa ngati pa Makhanga patsika munthu kapena ayi.

"Nditsitseni, achimwene," anatero kwa Hilario, mano atalumana.

"Sungayende, Otilia."

"Ndikudziwa. Nditsitseni. Ndikwawa."